Tsamba la Wilmer

Ku Gamarra, pansanjika yachinayi,
makina anga osokera ali duu,
ulusi uli lende pa singano.
Wilmer wayala foni pa nsalu
ngati akutsatsa ng'ombe:
otsatira zikwi makumi asanu ndi atatu, Nélida,
masol zikwi zitatu basi, mawa mtengo ukwera.

Ndapukuta magalasi ndi mpendero wa siketi.
Ndatsika ndi chala pang'onopang'ono
monga ndimafufuzira msoko wa telala wina.
Chithunzi cha dzulo anachikonda ndi anthu khumi ndi anayi.
Khumi ndi anayi!
Enawo ali kuti, Wilmer, apita kumaliro?

Ndatsegula mayina.
Uyu alibe nkhope, uyu nkhope yake ndi galimoto,
atatu awa anabadwa tsiku limodzi
m'mizinda yovuta n'kuitchula komwe,
kumene chifunga cha Lima sichifika
ndipo palibe angafune jekete yanga yaubweya.
Amoyo ochepawo anadzera nthabwala za mpira.
Ndikawaonetsa mabatani ndi zipi
adzati balala ngati nkhunda basi ikaliza hutala.

Ndafunsa za imelo yoyamba,
ija tsambali linabadwira.
Wakanda kumutu. Akuti ndi ya msuweni wake wa ku Callao.
Ndiye ndigule nyumba
kiyi wa khomo lakuseri ali m'thumba mwa msuweni?
Ndidzagona ndili mwini,
n'kudzuka ndili mlendo, ndikuodira pa dzina langa lomwe.

Pakona pali machenjezo awiri ofiira
amene chala chake chikuwalumpha.
Lina likadzabwera, eni ake adzatseka,
ndipo iwo sadziwa kuti kuli Nélida.
Malamulo awo salola malonda ngati athuwa.
Ndidzadandaula kwa yani, lisiti yake iti?

Chikomekome cha mkuyu, ndatero chamumtima.
Komabe ndisaname, mtima ukudumpha:
tsamba langa lili ndi anthu mazana atatu okha
ndipo lendi ya shopu ikundidikira Lachisanu.

Ndamuuza: ubwere Lolemba ndi msuweniyo,
imelo isinthidwe ine ndikuona,
theka la ndalama mwezi ukatha.
Waseka, wabweza foni m'thumba,
watsika masitepe awiriawiri.

Ndaponda makina.
Mayi Eulalia, mmodzi mwa mazana atatu aja,
akubwera madzulo ano kudzatenga jekete ya mwana wawo,
ndipo mkono wakumanzere sindinalumikize.