Timabotolo Tinayi ta Moto

A Likhutcha a pa Luchenza anayamba andiseka kaye.
"Ichi n'cha pa tebulo, mwanawe, si cha m'galimoto.
Chidzakudyera batire ngati nankafumbwe."
Komabe anachitsegula, nauzira fumbi,
ndipo timabotolo tinayi tagalasi tinaonekera,
titaima mondondozana ngati ana odikira katemera.

Bambo anabwera nacho kuchokera ku esiteti
tsiku limene bwana wa tiyi ankalongedza.
Malipiro a miyezi itatu sanaoneke,
anangowalozera: nyamula icho.
Kwathu kunalibe magetsi.
Chinagona kunsi kwa bedi zaka makumi atatu,
nkhuku inaikirapo kawiri.

Masabata awiri a Likhutcha akuwotcherera mawaya,
utsi wa mtovu ukuwalowa m'maso,
mpaka ampulifaya inakhala kuseri kwa mpando wanga
pa siponji ya matiresi akale.

Ukatembenuza kiyi sichiyankhula msanga.
Chimayamba chafiira pang'onopang'ono
ngati khala lomwe waliiwala m'phulusa,
kenako kamng'ung'udzo,
kenako gitala amalowa ngati munthu wovula nsapato pakhomo.

Anyamata a pa siteji ali ndi zawo zogunda m'chifuwa,
zogwedeza buti mpaka nambala kuguluka.
Amati ndanyamula nyali za koloboyi.
Ndimadutsa mahampu a ku Thyolo boma
ngati ndasenza mazira a eni,
okwera amayesa ndi ulemu.
Mayi wina wa nthochi anandidalitsa nazo ku Bvumbwe,
sindinamuuze kuti ndimaopera galasi.

Lamulungu lina, chiperoni chitatseka minda ya tiyi,
ndinawatenga bambo, mpando wakutsogolo.
Ndinayatsa. Anakweza dzanja:
"Chisiye chitenthe."
Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera,
ndipo pamene anatsitsa dzanjalo
nyimbo inatulukira pomwepo.

Tinadutsa Makwasa osalankhula.
Mawindo anachita nthunzi,
kuseri kwathu kukununkha fumbi lofunda.
Zaka khumi ndi chimodzi ankachipukuta m'mawa uliwonse
ndi kansalu kachikasu,
batani lake osaloledwa kulikhudza.

Pa mlatho anatsokomola, napukuta galasi ndi chipewa.
"Kani pali ndi ng'oma yaing'ono pansi pakepo," anatero.
"Kukhitchini inkangofika yaikulu yokha."

Batire linathera pa chitunda.
Anatsika okha kukakankha,
akuseka, nsapato zikuterereka m'matope ofiira.