Mlonda wa M'mphuno Mwanga

Zaka khumi ndi zinayi ndinkasoka mabuku
mutu nditaupendeketsa ngati nkhuku yoonera mphamba,
kuopa dontho.

Limodzi linandipulumuka.
Linagwera m'Baibulo la banja la a Lindqvist,
pa dzina la kamwana kawo komwalira mu 1911,
inki n'kuyenderera, dzinalo n'kusanduka mtambo.
Ndinawauza kuti ndi denga.
Denga langa silidontha.

Kuno ku Duluth chisanu chimakhalitsa ngati mlendo wopanda kwawo,
koma mphuno yanga sinkawerenga kalendala.
Supu wotentha, yadontha.
Wina watsegula chitseko, yadontha.
Mafuta onunkhira a mayi wina m'basi, yadontha mpaka posikira.
Usiku inkatseka makomo onse awiri,
ine n'kugona kukamwa kuli yasa,
lilime gwa, ngati chikopa chokutira buku.

Mabotolo a mankhwala opopera anadzaza dilowa.
Madzi amchere m'mawa, madzi amchere madzulo.
Mphaka wanga ndinakam'siya kwa mchemwali
pa mlandu umene sanapalamule.

Dokotala Sorvari anajambula kuseri kwa envulopu.
Kumbuyo kwenikweni, anatero, kosafika chala,
kuli kamtsempha konyamula uthenga.
Ndi mlonda. Wanuyu ndi wamantha:
fumbi likangodutsa akuwa kuti moto!
ndiye mipope yonse n'kutseguka.
Timuziziritsa mpaka aleke kukuwa.

Ndinaseka. Kuzizira, m'tauni ino?
Bwanji ndingoima panja wopanda chipewa?

Lachinayi, chipale chofewa chili mbuu pawindo,
namwino Delphine anandilonga thonje lonyowa, lowawa,
mano am'mwamba n'kuchita dzanzi ngati obwereka.
Kamera yowonda kuposa pensulo inalowa,
ndipo pa kanema ndinaona phanga lofiira, lonyezimira,
njira imene ndayenda nayo zaka makumi asanu ndi limodzi
osaionapo n'kamodzi komwe.
Kenaka kachitsulo ka nsonga yofufuma,
kulira kwa mpweya, tsiii,
mphindi ziwiri kumanzere.
Ndinawerenga timabowo ta kudenga, ndinasokonezeka pa sikisite.
Mphindi ziwiri kumanja.
Mutu unandimenya ngati wa mwana wothamangira ayisikilimu.
Delphine anandigwiritsa kapu ya tiyi wotentha,
nati imwani msanga, usapole.

Sabata yoyamba zinanyanya.
Yachiwiri ndinatukwana dokotala ndili ndekha m'bafa.
Yachitatu ndinagulanso bokosi lalikulu la tishu,
la anthu otaya mtima.

Tsiku lenilenilo sindilidziwa.
Ndinali pa buku la mapu a njanji, msana wake wothyoka,
ulusi m'kamwa, singano ikulowa ndi kutuluka,
belu la tchalitchi n'kulira thwelofu,
ndipo khosi langa linali chilili.
Bokosi lija lili phee pakona, losatsegula.
Ndinakoka mpweya, unapita wokha mpaka pansi,
unabwera ndi nkhani:
guluu wanga amanunkha ziboda,
mapepala akale amamveka ngati chipinda cha m'mwamba kwa amayi,
ndipo jekete la Anselm, lopachikabe kuseri kwa chitseko
chaka chachitatu chino,
likadali ndi utsi wa kaliwo wake.
Ndinakhala pansi. Madzi anatsika ndithu,
koma a m'maso, amene ali ndi mlonda wawo.

Sorvari akuti mtsempha umatha kuphukanso,
mwina zaka zingapo, mwina ayi, salonjeza.
Ndikavala malaya akale ndimapeza tishu m'thumba lililonse,
zofota, zakale, ngati malisiti a ngongole yolipidwa.
Sindinazitaye zonse.

Mphaka anakana kubwerera, wazolowera kwa mchemwali.
A Lindqvist ndinawalembera dzulo.
Ndawauza kuti silinali denga,
ndipo dzina la mwanayo ndalipeza m'kaundula wa tchalitchi:
Signe Alfhild, miyezi isanu.
Abweretse Baibulo, ndililembenso ndi dzanja langa,
nditaweramira pafupi, pafupi kwambiri ndi tsamba.