Zilumba za ku Ndirande

Tsiku lomwe anafika pa ofesi yathu
anayamba ndi benchi.
Inali panja, moyang'ana njira ya kumsika,
pomwe a makala ndi anyamata a kabaza
ankawerenga zotupa pankhope za odikira.
Anati ilowe mkati, kuseri kwa chitseko.
Tinainyamula awiri, ine ndi Mpinganjira,
tikung'ung'udza chamumtima.

Dzina lawo Inisipekita Elube Makwinja,
nyenyezi paphewa, nsapato zodyeka chidendene.
Akuluakulu ena ankati tione
ngati Ndirande angamve mawu a munthu wamkazi.
Iwo sanayankhe. Anaitanitsa buku la madandaulo
nawerenga mpaka magetsi anathima,
napitiriza ndi tochi ya foni.
Tsamba ndi tsamba ankakumana ndi dzanja langa:
"Nkhani ya m'banja. Akakambirane kwa ankhoswe."
Kasanu ndi kawiri dzina limodzi, Dailesi wa ku Goliyo,
kasanu ndi kawiri ine ndikumubweza.

Sanandikalipire. Bola akanatero.
Anati: Ndinagwirapo ntchito pa chilumba cha Chisi.
Kumeneko mkazi akamenyedwa usiku
amadikira kuche, asake ya bwato,
ndipo mwini bwato ndi mlamu wake,
wopalasa ndi msuweni wa mwamuna.
Pofika kumtunda nkhani yasungunuka m'madzi,
wangoti ndinaterereka pamwala.
Ndinkayesa kuti pobwera m'tauni zilumba ndazisiya.
Koma taona buku lakoli.
Nyumba zogundana malata chonchi,
khoma limodzi mabanja awiri,
komabe mkazi aliyense ali pakati pa nyanja yake.
Ndipo mwini bwato kuno, Konsitabo, ndiwe.

Chiyambire pamenepo Loweruka tinkaponda fumbi.
Ku Makata, ku Safarao, kutsidya kwa Nasolo,
kwa amayi a banki m'khonde akuwerenga makobidi pachitenje,
kwa abambo a bawo omwe ankatiyang'ana chammbali.
Nambala yawo anailemba ndi khala pakhoma la chigayo,
mvula ikaifufuta ankabwerezanso.
Foniyo inkalira ngakhale tambala asanalire.

Si onse tinawawolotsa.
Ena ankabwera mawa lake, mwana kumsana,
kudzapempha kuti bamboyo atuluke,
poti wa lendi ndi yemweyo, wa ufa ndi yemweyo.
Inisipekita sankawatukwana.
Ankangofunsa, lero mugona kuti?
Mumatha ntchito yanji ndi manja anuwa?
Dailesi tsopano amasoka mayunifolomu pakhonde la mchemwali wake,
khutu lakumanzere silimvanso.
Akandiona amandipatsa moni
ndipo moniyo amandilemera kuposa mfuti.

Ine ndimachita lendi ku Chinseu.
Kuseri kwa khoma langa wailesi imakwezedwa usiku,
nyimbo za uzimu, mwamphamvu,
ndipo pansi pa nyimbozo pamamveka zina.
Zaka ziwiri ndakhala ndikutembenukira kwina,
bulangete kumutu,
ndikudziuza kuti ndaweruka.

Dzulo sindinavale yunifolomu.
Ndinangopisa mapazi m'masilipasi.
Kuchoka pakhomo panga kufika pakhomo pawo
ndi mapazi asanu ndi limodzi, ndinawerenga,
koma maondo ananjenjemera
ngati madzi andifika m'chifuwa.

Ndinagogoda.
Wailesi inathima.
Galu wa kwa a landilodi anasiya kuuwa.
Mawu a mwamuna: Ndani usiku uno?
Ndinatchula dzina langa, lopanda udindo,
ndinati ndine wa khomo linali,
ndikufuna kumva mawu a mayi a Tadala.

Panapita nthawi.
Kenako loko anaphethira,
ndipo amene anatsegula anali Tadala mwini,
wa Sitandade 2,
ali ndi nsapato imodzi ya mayi ake m'manja.