Makina Osalira

Ku Wooler chisanu chimachoka mochedwa,
chimatsalira m'ngodya ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Lero a Pennock akuti ndiwakankhe pa njinga yawo
mpaka pakhomo pa galaja, pomwe pamagwa kadzuwa.
"Ndaziona, udzu wadzuka. Kavundukule chinthu chija."

Ine ndinabwera kuno kudzawasambitsa
ndi kuwerenga mapilitsi, asanu m'mawa, awiri madzulo.
Pa kalata ya ntchito sanalembepo za sipanala.

Ndachotsa lona. Ali phee makina otchetchera kapinga,
okwera ngati kathirakitala, mpando womata ndi tepi yakuda.
Samwa petulo awa, amayamwa magetsi pakhoma,
akamayenda simumva kanthu
koma udzu ukugwa.

"Mwana wanga amati chamagetsi sichifuna dzanja.
Bodza. Magiya ndi magiya.
Kazungulire katatu, oyilo afunde,
wozizira amakana kutuluka ngati ine pabedi."

Ndazungulira mtengo wa maapozi katatu,
ndabwerera, ndazula kiyi, ndadula moto wa batire.
Iwo akuyang'ana chala changa chilichonse.
"Usandifere pano, ndani andiphikire tiyi?"

Ndagona chagada pa katoni, simenti ikuluma msana.
Beseni lakale la akazi awo ndaliika pansi.
Bawuti wakana, wakananso,
kenako wavomera mwadzidzidzi, ndasupuka chala.
Oyilo watsika, wakuda bii,
wonunkha ngati dzira lowola,
akuyenda mwaulesi, ulusi umodzi wosaduka.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.
Nanga ichi, chopanda mawu, chikamva m'mimba
chimagogoda kwa yani?

"Bweretsa kuno bawutiyo."
Kunsonga kwake kuli maginito,
ndipo pa maginitopo pamera tizitsulo tofewa,
totuwa, ngati ndevu zomwe ndimawameta Lachiwiri.
Azipaka pachala, aziyandikiza ku diso labwinolo.
"Fumbi chabe. Zikanakhala zibenthu tikanalira.
Mano akudyana, koma mwaulemu."

Ndapukuta, ndabwezera, ndamanga.
"Usafinye kwambiri. Imva pomwe chitsulo chikuti basi."
Oyilo watsopano ali ngati uchi wa chaka chino,
ndikuthira pang'onopang'ono ndi fanulo wopindika
mpaka wasefukira pakabowo, kadontho kamodzi.
Iwo agwedeza mutu. Dzanja lawo likugwedera lokha.

Zatsala zing'onozing'ono, zomwe anthu amaiwala:
udzu wouma womatirira pansi, ndiupale ndi kathabwa,
osathira madzi, mawaya sakonda kusamba.
Mipeni iwiri, umodzi wagumuka pomwe unaluma mwala.
Tayala lakumanzere lapuma mpweya wake m'nyengo yozizira,
ndalipopa, laimanso.
Girizi pa mfundo zinayi. Ndapeza zitatu.
Yachinayi andilozera ndi ndodo, osayang'ana n'komwe.

Pakhoma la galaja pali mzere wa madeti a pensulo,
kuyambira makina akale a utsi aja mpaka awa.
Pamwamba zilembo zaima ngati asilikali,
pakati zayamba kutsamira,
za chaka chatha zikuoneka ngati mapazi a nkhuku.
Andipatsa pensulo.
"Lemba tsiku ndi maola omwe ayenda.
Ulembenso dzina lako, wobwera adziwe wofunsa."

Sindinawauze kuti chitupa changa chikutha Novembala.
Iwonso sanandiuze zomwe dokotala ananena
tsiku lija ananditumiza kukagula nyuzipepala.

Oyilo wakudayo ndamuthira m'botolo la malita awiri,
tikamusiya kotaya zinyalala kwa khonsolo Lachinayi,
popita kuchipatala, komwe nawo akawakoka magazi
n'kuwayang'ana pa kuwala.

Tsopano ndakwera, ndatsitsa mipeni.
Mzere woyamba watuluka wokhota.
Akukuwa china chake kuchokera pakhomo paja,
ndipo popeza makinawa salira,
ndikumva liwu lililonse.