Madesiki makumi anayi

Ndinawakhoma ndekha, madesiki makumi anayi,
matabwa a paini ochokera ku Buseko,
ogulidwa ndi ndalama za mlamu wanga
amene masiku ano amayang'ana kumbali tikakumana pampopi.
Mayi Kaluwa anati, "Ndidzalipira sukulu ikatsegulidwa,
ndipo Tikambenji wanu adzaphunzira ulere,
Chingerezi chokhachokha kuyambira giredi wani."
Ndinavomera utuchi uli m'kamwa.

Kenaka ku Mtendere kunafika galimoto ya boma,
anthu awiri, fayilo imodzi, ndi loko.
Akuti chilolezo chikunena china,
chikwangwani cha pageti chikunenanso china.
Akuti mwana ayambe kuwerenga
m'chilankhulo chimene amaliriramo.
Mayi Kaluwa akuti asankhe ndi makolo,
ndalama ndi zawo, ananso ndi awo.
Ine ndinaika sikweya yanga pa mawu onsewo:
onse ndi owongoka,
koma sakumana pakona.

Lachiwiri lina ndinavala jekete ya ukwati,
minibasi ziwiri, ndine uyo kukhoti.
Mabenchi a kumeneko ndi mukwa weniweni.
Ndinapapasa kunsi kwake, mmisiri wake sanaumire guluu.
Maloya anadzuka, akhwangwala a khosi loyera,
nayamba kulimbirana lilime la mwana wanga
m'chilankhulo chimene ine bambo wake sindimva.
A Mshanga omasulira amangotiponyera makombo:
woweruza alankhula mpaka kumwa madzi kawiri,
iwo atembenuka, ati, "Akuti dikirani."

Loya woimira Chinyanja uja
sanatchule liwu limodzi la Chinyanja
mpaka panja, pafoni, pofunsa mtengo wa thumba la malasha.
Mlonda wa pageti anandinong'oneza
kuti ana ake amaphunzira ku Kabulonga.
Sindimuda ayi.
Ndikanakhala ndi nsapato ngati zakezo
nanenso ndikanadziwa koponda.

Mlandu anaukankhira ku Okutobala.
Okutobala anabwera ndi kutentha kwake,
fayilo sinabwere.
Akuti Febuluwale.

Pakadali pano Tikambenji ali ku sukulu ya boma.
Amapita masana, a m'mawa akatuluka,
amakhala pa chidina cha njerwa, kope pa bondo,
mwana wa kalipentala.
Yunifolomu yatha kumbuyo isanathe kutsogolo.

Dzulo magetsi atapita
anatola kabuku kanga ka ngongole, nayatsa tochi ya foni,
chala pa mzere, milomo ikugwedera:
"Ma-yi Ka-lu-wa, ma-de-si-ki, sa-na-li-pi-re."
Anawerenga yekha, wopanda womugwira dzanja!
Chimwemwe chinandigwira pakhosi
pamodzi ndi manyazi, ngati misomali iwiri m'bowo limodzi.
Kenaka anatenga chitini cha vanishi,
nayang'anitsitsa Chingerezi chofiira cha pambali pake,
chija chochenjeza za moto kapena za mapapo, kaya,
nandifunsa, "Atate, apa akuti chiyani?"
Zaka makumi awiri ndikupuma fungo la chitinicho
ndipo sindidziwa chimene chimandiuza.

Ndiye musandifunse mbali imene ndili.
Ndikufuna awerenge kabuku, awerengenso chitini.
Zimenezi kukhoti palibe anandifunsa,
ndipo akanafunsa, a Mshanga akanazidula
nkutsala mawu awiri.

Lero m'mawa ndinadutsa kusukulu kuja.
Loko wachita dzimbiri, udzu wafika m'mawondo,
Mayi Kaluwa akugulitsa mazira owiritsa pa siteshoni
kuti loya asaleke kuyankha foni.
Ndinasuzumira pawindo losweka.
Ali pomwepo, m'mizere inayi, monga ndinawasiyira,
fumbi lokha ndilo lalembapo.
Koma ya kumbuyo kwenikweni, yoyandikana ndi khoma,
mwendo wake wavala dothi lofiira.
Chiswe sichinapite ku unduna,
sichinadikire sitampa ya munthu.
Chalowa kalasi, chakhala pansi,
chayamba ndi desiki imene ndinaisalaza kawiri,
imene pansi pake ndinalembapo ndi pensulo
dzina la mwana wanga.