Tseka Kope, Dinisi

Ndikukuona, Dinisi, pa thumba la kachewere,
kope pa maondo, milomo ikungoyenda.
Tsamba lomwelo wakhala nalo
chitsitsireni katundu lole ya ku Tsangano,
pano mthunzi wa golosale wawoloka msewu.
Ukuti ukuwerenga masamu.
Nanenso ndinkatero.

Chaka cha kalasi yakhumi
masamu ndinkawawerenga ngati kalata ya chibwenzi,
mpaka kuloweza pomwe inki inadontha.
Mayankho a aphunzitsi a Kamtedza ankasalala m'maso,
ine mutu gwedegwede: eya, n'zoona, n'zoona.
Tsiku la mayeso, pepala loyera mbee,
x anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana,
osadziwana ngakhale moni.
Pa khoma la sekondale ya ku Ulongwe
dzina langa linatuluka lofiira:
zisanu ndi ziwiri pa makumi awiri.

Ndiye tseka kope.
Tseka, ndati.
Nayi katoni ya sopo, kuseri kwake n'koyera.
Kopera funso lokha, yankho ulisiye mumdima,
ulimbane nalo wekha.
Njinga saiphunzira poonerera wokwera.
Likakukanika usathamangire kusuzumira,
luma kaye pensulo, yesa khomo lina,
ukatero ndiye tsegula uone pomwe unaterereka.

Ndipo poterereka pakopo usafufute.
Ine ndinkafufuta mpaka pepala kubooka,
kubisa manyazi kwa ine mwini.
Waliona buku langa la ngongole?
Olipira sindiwalemba,
ndimalemba ondizemba.
Nawenso gula kakope, mametikali ndikupatsa,
ulembemo samu iliyonse yakugwetsa.
Pakapita masiku atatu ukaigogodere pakhomo.
Sabata ikatha, ubwererenso.
Ikalipira kawiri, ndiye uikhwatche.

Kabichi wa kudimba kwa amalume
samwa mtsinje wonse tsiku limodzi.
Ola limodzi m'mawa, mutu usanadzaze phokoso la msika,
mawa lake ola linanso,
ngakhale Lamulungu.

Usamadye zophweka zokhazokha chifukwa zimakoma.
Ndiponso usakaniza.
Ogula anga sabwera pa mzere:
uyu ndowa, uyu theka,
uyu watulukira ku Dedza ndi makwacha
kuti ndimusinthire m'mutu, asanakwiye.
Mafunso a mayeso ndi choncho,
la makona atatu likutuluka, la peresenti lalowa kale.

Kwa Saimone wa fotokope kuli mapepala a zaka zapitazo.
Tenga limodzi, tchera alamu pa foni yanga,
maola awiri, osadzuka, osafunsa munthu.
Udziwe msanga kuti nthawi ili ndi miyendo.
Lemba njira yonse, mzere ndi mzere,
wochonga amalipiranso mapazi, osati pofikira pokha.

Madzulo umuitane Marisela,
umufotokozere ngati ndiwe a Kamtedza.
Ndi wovuta mwana uja, adzati chifukwa chiyani,
chifukwa chiyani,
ndipo pomwe lilime lako lidzapunthwe
ndi pomwe pali dzenje.

Usiku wotsiriza usadzaviike mapazi m'beseni
kuti tulo tithawe.
Ine ndinaviika.
Ndinalowa m'chipinda cha mayeso ndi chimfine
ndi mutu wolemera ngati thumba wakhaliralo.
Udzagone. Mbewu yofesa usiku umenewo simera.

Dikira, kwabwera wogula.
Ndowa ndi mazana atatu, mayi, sindichotsa.
Chabwino, tengani, ndaikapo iwiri ya basera.

Tinali pati?
Ukundiyang'ana ngati ukufunsa
kuti wolephera wazidziwa kuti zonsezi.
Ndazitola mochedwa, m'bale wanga,
ngati khunkha m'munda wa eni.
Ndipo pali china sindinawauze amayi:
ndalembetsa sukulu yausiku.
Ng'amba katoniyo pakati, undipatse theka.
Funso lomwelo, aliyense payekha.
Usaonere zanga.
x uja tili naye mlandu.