Chithunzi cha pa Tsamba Lachinayi

Ndine ndimajambula zithunzi
za buku la pachaka la fakitale yathu ya utoto
kuno ku Narayanganj.
Lachiwiri bwana Mofizul anandituma ku mjigo watsopano,
simenti isanaume bwino, chikwangwani chamkuwa chili pamphumi:
Mphatso kwa anansi athu a m'mbali mwa Shitalakshya.

Mwana anali atasankhidwa kale. Shiuli,
mano awiri akutsogolo atagweluka.
Amayi ake, Bilkis, anapatsidwa ola limodzi
lochoka pa makina osadulidwa malipiro
kuti ampese tsitsi ndi mafuta a kokonati.

Kweza tambula. Seka. Ayi, usamwe kaye.

Madziwo ndi abwino, sindikunama.
Ndinamwako, mpaka m'mano munachita dzanzi.
Mjigo usanabwere, anatero Bilkis,
ankakatunga kuseri kwa msika wa nsomba,
mtsuko wachitsulo uli m'chiuno.
Akuthokoza. Ananena kawiri kuti ndilembe.

Koma kuseri kwa phewa la mwana kunali mtsinje.
Sabata ino ndi wofiirira ngati chiwindi,
poti ku Ulaya akufuna malaya a mtundu umenewo
chisanu chikubwerachi.
Mwezi watha unali wobiriwira.
Ana a kuno amadziwa fashoni
isanafike pa mawindo a masitolo a kutaliko.
Paipi yathu imasanza usiku, agalu atagona.
Makina osefa amalira tsiku la alendo lokha;
amadya magetsi, akuti.

Nkhalamba ya ngalawa, Gofur, inandikoka malaya:
jambulanso izi.
Inatambasula manja, khungu losendeka
ngati la nsomba yophikitsa.
Ndinajambula. Wamkulu sakanidwa pamaso.

Ku ofesi bwana anasuzumira, nati dula apa,
ndi apa.
Chala chimodzi pa kompyuta, mtsinje unachoka.
Kunatsala mwana, tambula,
ndi dzuwa likusewera m'madzi.
Ogula a kunja adzalikonda tsambali,
adzasaina za chaka chamawa.
Kupatsa n'kuika, bwana amadziwa,
ndipo amadziwa poika.

Manja a Gofur akadali m'kamera.
Sindinawafufute, sindinaonetse munthu.
Lendi ndimalipira pa faifi,
wamng'ono wanga akuyamba sukulu Januwale,
sukulu yomwe denga lake inakhoma fakitale yomweyi.

Dzulo ndinadutsanso pa mjigo.
Shiuli anandikuwira kuti chithunzi chake chili kuti.
Anali atangovuuka mumtsinje,
akufinya diresi,
madzi ofiirira akutsikira m'miyendo.